Mawu a Wojambula Mawu

Dokotala atanena kuti kholingo la Ababa lichotsedwa lonse, amayi anafunsa za mankhwala ndi za chakudya. Ine ndinafunsa za mawu. Dokotalayo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake nkunena kuti chimene tikuthamangira ndi moyo, mawu apita limodzi ndi chotupacho. Ababa anali phee pampando, mutu atapendeketsa. Ndinadziwa kuti sakumvera dokotala. Ankamvera nyali ya kudenga imene inkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Ababa ndi otero. Ndi wojambula mawu pa kampani ya mafilimu imene anayambitsa ndi amalume, mchimwene wa amayi, ine ndisanabadwe. Amalume ndiwo amatsogolera ndi kugwira kamera. Ababa amaima kumbali, mtengo wautali wa maikolofoni m'manja, mahedifoni kumutu, kutola chilichonse chimene anthu akunena. Masewero a pa kanema amene ana a m'tauni muno anakulira, kulira kwa akazi osiyidwa, mikangano ya apongozi, otsatsa sopo ndi mafuta ophikira, zonsezo zinadutsa m'makutu mwawo. Koma mawu awo eni sali pa tepi iliyonse. Wojambula mawu salankhula makina akuyenda. Akatsokomola mwangozi, Mayi Lumo, amene amadula ndi kulumikiza mafilimu a kampaniyo, amachotsa chifuwacho tsiku lomwelo. Ngakhale uthenga wa mawu pa foni Ababa sanatumizepo. Amati mawu a pafoni ndi zinyalala.

Ine ndinali nditangomaliza sukulu, ndikungokhala pakhomo kudikira zotsatira za mayeso, mutu wodzaza zinthu zimene sizinachitike. Ndinkadziona ndili m'nyumba yanga ya mawindo akuluakulu, mwana ali pamiyendo, ndikumuuza kuti tamvera agogo ako mmene ankasekera. Ndiye ndidzamuyatsira chiyani? Titangotuluka pachipata cha chipatala ndinatulutsa foni.

"Ababa, nenani chilichonse. Ngakhale kundikalipira."

"Pano? Pamsewu?" Mawu awo anali atayamba kale kusasa, ngati thumba likukokedwa pa simenti. "Bweza kanthu kakoko m'thumba. Ngati nkujambula, tijambula ngati anthu."

"Liti?"

"Ndilankhula ndi alamu."

Amalume anaombera m'manja atamva. Anati mbiri ya kampani kuchokera pakamwa pa mwini wake, bwanji sanaganize kalekale. Kenako anayamba kutchula ntchito zimene zinali panjira: otsatsa penti akudikira, kamera yaikulu ili ku ganyu, mandala ena ali kokonzedwa. Tsiku lokhalo limene linatsala linali loti mawa lake ndi la opaleshoni. Ndinawauza kuti nkutali. Anandisisita pamutu ngati mwana wa sitandade wani.

Ndinayesa kuba. Madzulo ena tikudya ndinabisa foni pansi pa nsalu ya patebulo. Ababa anasiya kulankhula pakati pa chiganizo, nkuloza ndi supuni pamene panali foniyo. Sindidziwa anaimva bwanji. Anadya mpaka kumaliza osatulutsanso liwu, ndipo amayi anandiyang'ana ngati ndathira mchere mu tiyi.

Masiku amenewo mawu a Ababa anali ngati mlendo wamanyazi. Ankabwera m'mawa akamwa madzi ofunda, pofika masana anyamuka. Ndinawauza amalume zimenezi kangapo, mpaka anandilonjeza kuti afika tambala asanatsike.

Anafikadi m'mawa. Galimoto ya kampani inaima pageti dzuwa lisanapse, ndipo munatuluka amalume, Mayi Lumo ndi Chingwe, mnyamata wa magetsi. Chingwe amamutchula choncho chifukwa sumuona wopanda waya paphewa. Ali ndi manja aatali ndi kachipsera pachibwano, ndipo m'maganizo mwanga ndinali nditakwatiwa naye kale, tinayambana, nkubwererana pa siteshoni ya sitima mvula ikugwa. Iye sankadziwa chilichonse. Tsiku limenelo ndinangomulandira ma waya nkumuuza kuti achite changu.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Tatulutsani mawu timve," anatero amalume.

"Ndadzuka kuposa filimu yanu yomaliza ija," Ababa anayankha.

Anamveka bwino. Osasa, inde, koma athunthu, ndi kakunjenjemera kaja kamene kamabwera akafuna kuseka. Ndinati, "Amalume, ndi amenewo. Yatsani."

"Tiyatse chiyani, mumdima muno? Ukufuna bambo ako aoneke ngati wakuba?"

Pabalaza pathu panasanduka malo antchito. Sofa anaitulutsa panja. Mpando wa Ababa unayenda kuchoka pawindo kupita pakona, kuchoka pakona kubwerera pawindo. Amalume anadana ndi katani ya maluwa, amayi nkukatenga yoyera, yoyerayo nkukhala yowala kwambiri. Chingwe anakwera patebulo kumangirira nyali ku mtanda wa denga. Malaya a Ababa a mizeremizere anakanidwa chifukwa mizere imavina pa kanema.

Ababa nawo sanakhale pansi. Anayendayenda m'nyumba monse akumvetsera. Anachotsa wotchi pakhoma nkuikulunga m'bulangete. Anamanga kansalu pampope wa kubafa umene umadontha. Anazimitsa firiji, nkutenga makiyi a galimoto ya amalume kuwaika m'kati mwake pafupi ndi mkaka. Ndi mwambo wawo wa pantchito: sungachoke pakhomo pa munthu osatsegula firijiyo, ndiye sungaiwale kuiyatsanso.

"Zaka zonsezi ndakhala ndi anthu awiri amisala," amayi anatero ali pakhomo la khitchini. "Wina ndinabadwa naye, wina ndinachita kusankha ndekha."

"Munasankha bwino, chemwali. Akanakhala wina bwenzi atakubwezani."

Kenako Mayi Lumo anadutsa ndi kadengu. Aliyense anazimitsa foni nkuponyamo. Lamulo limeneli ndi la Ababa eni, ndipo ndi lakale kuposa ine kusukulu: foni imalowetsa kaphokoso m'makina ngakhale isakulira. Ndinagwira yanga mwamphamvu.

"Yanga ikhale. Ndiizimitsa."

"Mwana wa wojambula mawu," Ababa anatero, dzanja atatambasula. Ndinaipereka. Mayi Lumo anakakiyira kadenguko m'galimoto nkubwezera makiyi mu firiji.

Zonse zitakhala m'malo, Ababa anakhala pampando atavala malaya abuluu, makina ojambulira mawu ali pamiyendo pawo chifukwa sakanalola munthu wina kuwagwira. Chingwe anakweza mtengo wa maikolofoni pamwamba pa mutu wawo. Amalume anaika diso pa kamera. Pomwepo, kuseri kwa mpanda, kalipentala woyandikana nafe anayatsa sowo yake yamagetsi.

Ababa anatseka maso ngati awaponda chala.

Ndinathamanga. Kalipentalayo ndinamupeza ali woyera ndi utuchi, akucheka matabwa a zitseko. Ndinamuchonderera, ndinamuuza za opaleshoni. Anavula chipewa, anapepesa kwambiri, koma anati mwini zitseko akubwera ndi lole, ndipo magetsi a kuno sadziwika nthawi yothima. Akangomaliza mulu umenewu azimitsa. Muluwo unkandifika m'chiuno.

Nditabwerera ndinati, "Tijambule choncho. Phokosolo lilibe kanthu."

Onse anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Sowo siichoka pa mawu, mwanangu," Mayi Lumo anatero mofatsa. "Galu ndimachotsa, galimoto ndimachotsa. Sowo imakhala pamwamba pa mawu penipeni."

"Ikhale. Ine ndimva."

"Ine sindinaperekepo ntchito yauve," anatero Ababa. "Ndiyambe ndi yanga?"

Amalume anachotsa diso pa kamera nkudziwongola msana. "Palibe chotayika. Podikira, tiyeserere kaye. Alamu, muyambe ndi galaja ija, ndione mmene mukukhalira m'chithunzi."

Kampani yawo sijambula kanthu osayeserera. Anazolowera kale, nthawi imene tepi inali yodula ndipo ankakhala nayo imodzi yokha. Lero kakhadi kochepa ngati chikhadabo kamatenga tsiku lathunthu, koma chala cha amalume sichidina batani mpaka ataona sewero lonse ndi maso. Nyali yofiira ya pa kamera inali yozima. Ya pa makina a Ababa inalinso yozima. Ndinakhala pansi, pafupi ndi mapazi a Chingwe, nkupinda miyendo.

Ababa anayamba ndi galaja.

Anati kampaniyo inabadwira kuseri kwa galaja ya makaniko wina, m'kachipinda kosungiramo matayala. Anakhoma mathireyi a mazira pakhoma lonse kuti phokoso la mahamala lisalowe, ndipo mphemvu za m'tauni yonse zinasamukira m'menemo. Kamera inali yobwereka. Ankajambula maukwati Loweruka, nkukopera eni ake, Lolemba nkufufuta tepi ija kuti ajambulirepo filimu yawo. Filimu yoyambayo anaionetsa pa nsalu ya pabedi m'holo ya sukulu, ndipo pakati pa imfa ya munthu wamkulu wa m'seweromo panatulukira mkwatibwi wa eni ake akudula keke, chifukwa tepi sinafufutike bwino. Anthu anaseka mpaka kugwa m'mabenchi. Amalume anakabisala kuchimbudzi.

"Bodza," anatero amalume. "Ndinapita kukaona jenereta."

"Jenereta inali kuchimbudzi, alamu?"

Ndipo Ababa anaseka. Kuseka kwawo kumayambira pansi, kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula katundu pa masitepe, kenako kumagwa konse kamodzi. Ndinali ndisanakumve chiyambire matendawa. Ndinayang'ana nyali zija. Zozima.

"Amalume," ndinanong'ona.

Anandiikira chala pakamwa. Sowo inkalirabe.

Anasimba za chaka chimene wailesi ya kanema inawatenga kuti azipanga sewero la sabata ndi sabata, mmene anasamukira m'nyumba yeniyeni ya zipinda, nkulemba anthu ntchito mpaka wophika tiyi. Anasimba za mvula imene inaboola denga nkunyowetsa mashelefu a matepi, ntchito ya zaka zambiri nkumera nkhungu, iwo nkumayanika matepiwo pachingwe ngati zovala. Anatchula anzawo amene anapita: wopaka anthu nkhope amene anamwalira pobereka, dalaivala amene anagona pa chiwongolero akuchokera kojambula kutali, mtsikana wa sewero lija amene anthu ankamuponya miyala pamsika chifukwa ankasewera mkazi wolanda amuna a eni. Anasimba mmene wailesi ija inawasiyira itapeza masewero akunja otchipa, nyumba ya zipinda nkubwerera mwini wake, anthu nkubalalika, kutsala anayi okha ndi galimoto yofuna kukankha. Mayi Lumo ankapukuta magalasi awo osasiya.

Kenako anayang'ana kukhomo la khitchini.

"Awa anabwera tsiku lina kudzapereka chakudya kwa achimwene awo. Tinali pakati pojambula, malo ovuta, mtsikana akulira misozi yeniyeni. Ndikungomva m'makutu, go, go, go. Nsapato za nsonga pa simenti. Ndinavula mahedifoni nkukalipa, ndani ameneyo akuyenda ngati hatchi?"

"Munati ngati bulu," amayi anatero.

"Ndikukonza mbiri, mayi. Ndiye madzulo ndikumvetsera ntchito ya tsikulo, ndinafika pa nsapato paja. Ndinabweza. Ndinabwezanso. Phazi lamanzere linkagunda mwamphamvu, lamanja ngati likupepesa. Ndinati munthu woyenda chonchi ndiyenera kumudziwa. Alamu anadikira tepi imeneyo sabata yathunthu, ine ndikunama kuti yasowa."

Amayi analowa m'khitchini msanga. Ine nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Foni inali m'galimoto, makiyi a galimoto ali mu firiji, ndipo kuti ndikafike ku firiji ndinayenera kudutsa pakati pa kamera ndi Ababa, kuwadula pakamwa. Ndinaopa kuti ndikaimirira asiya. Ndinadziuza chimene aliyense m'chipindamo ankadziuza, kuti anenanso.

"Iwenso ndinakujambula," Ababa anatero akundiloza ndi chibwano. "Tsiku lobadwa. Anandikaniza kulowa, ndiye ndinalowetsa maikolofoni pawindo la chipatala. Unalira mokweza mpaka singano ya makina inagunda kumapeto. Ndinati uyu sadzadikira kanthu pa moyo wake."

"Ili kuti tepiyo?"

"Funsa amalume ako."

Amalume anakanda m'mutu. "Inabwera ntchito ya sopo, mwanawe. Tepi inali yomweyo."

Anaseka onse awiri, koma ulendo uno kuseka kwa Ababa kunathera m'chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali, atawerama pa makina awo kuwateteza. Amayi anabwera ndi madzi ofunda. Dzuwa linali litachoka pawindo, lili pamutu pa nyumba.

Sowo inazima.

Bata limene linagwa linali lolemera ngati bulangete lonyowa. Ababa anavala mahedifoni, anamvetsera, nkugwedeza mutu. Anadina batani. Amalume anadinanso lawo. Nyali ziwiri zofiira zinayaka.

"Tiyeni, alamu. Monga momwe munanenera muja. Musasinthe kanthu."

"Kampani yathu," Ababa anayamba. Mawuwo anatuluka opyapyala, ong'ambika m'mbali. "Kampani yathu inabadwira..."

"Dulani. Pepani, alamu, dzuwa lasuntha, theka la nkhope lili mumdima. Chingwe, tsitsa nyali iyo."

"Amalume, chonde."

"Kamphindi chabe."

Chingwe anakwera patebulo. Anandiyang'ana kamodzi, koyamba chifikire, ndi maso opepesa. Sindinamve kanthu. Ndikanatha kumukankha patebulopo.

Anayambanso. "Kampani ya..." Ababa anakweza dzanja okha, nkudina batani kuzimitsa. Analoza kudenga. Patapita kanthawi ndi pamene enafe tinaimva: ndege, kutali kwambiri, kadontho ka phokoso. Tinaidikira idutse. Inatenga nthawi yake yonse.

Ulendo wachitatu Ababa anatsegula pakamwa ndipo panatuluka mpweya wokha.

Anamwa madzi. Anayesanso. Mpweya, ndi kakulira kochepa ngati chitseko cha kabati. Anayang'ana singano ya pa makina awo, imene moyo wawo wonse yawauza ngati munthu akumveka, ndipo sinasunthe. Anaigogoda ndi chala. Anayang'ana waya, nkuutsatira ndi maso mpaka ku maikolofoni, ngati vuto lingakhale pamenepo.

Palibe amene ananena kuti dulani. Amalume anali ataumirira diso pa kamera, phewa likugwedezeka. Ndipo Ababa, poona nyali yofiira ikuyakabe, anachita chimene munthu wa ntchito yawo amachita: anapitiriza. Anasimba nkhani yonse kuyambira ku galaja, milomo ikuyenda, manja akusonyeza mathireyi a mazira, mkwatibwi, matepi pachingwe. Pa nsapato paja anagogoda bondo ndi zala. Anafika mpaka pawindo la chipatala nkundiloza ndi chibwano. M'chipinda monse munkangomveka mpweya wawo ukukhula pakhosi.

Pamene anthu aja ankanyamuka, amalume anatsegula firiji kutenga makiyi, nkuiyatsa. Ndinakatenga foni yanga ndikuthamanga, ndinagwada pa mpando wa Ababa. Anayesa. Anayesadi, mpaka misempha ya pakhosi inatupa, ndipo pa kansalu kamene anatsokomolerapo panali magazi. Amayi anandilanda foniyo nkundituma kukalowetsa sofa.

M'mawa mwake mlendo wamanyazi uja sanabwere. Madokotala anali atawaletsa Ababa kumwa ngakhale madzi. Ndinayenda pambali pa bedi la matayala mpaka pachitseko chimene achibale sadutsa, foni ili pafupi ndi milomo yawo. Ananena kanthu. Ndamvetsera kambirimbiri. Mumamveka matayala, nsapato za anamwino, ndi munthu wina akufunsa njira ya ku malo olandirira mankhwala.

Opaleshoni inayenda bwino. Aliyense ankanena choncho, ndipo nzoona. Ababa anabwerera kunyumba ataonda, ali ndi kabowo pakhosi kamene amaphimba ndi kansalu koyera. Amalemba zofuna zawo papepala, kapena kugogoda patebulo. Zotsatira za mayeso zinatuluka, ndinakhoza, anandigwira mutu ndi manja awiri nthawi yaitali. Ine ndinkakhala ndi mawu awo m'mutu. Ndikamatsuka mbale ndinkawayatsa ndekha: ndani ameneyo akuyenda ngati hatchi. Ankamveka bwinobwino, ndi kusasa kwake, ndi kakunjenjemera kaja. Ndinkawasamala ngati madzi odzaza m'kapu.

Amalume sanabwere kwathu kwa nthawi. Atabwera anali ndi nkhope ya munthu amene wapeza njira.

"Chithunzi chilipo, chokongola kwambiri. Milomo ikuoneka bwino, Mayi Lumo aiwerenga pafupifupi yonse. Chatsala nkuikapo mawu. Timachita nthawi zonse, mphepo ikaononga mawu a panja. Abusa avomera."

Abusa si abusa. Ndi wosewera amene anakhala m'busa m'sewero la pa kanema lija zaka zambiri, dzina nkumukakamira, ngakhale amapezeka ku bala kuposa ku tchalitchi. Amatha kutengera mawu a munthu aliyense. Pa maphwando a kampani ankatengera Ababa akukalipira anthu za mafoni, anthu nkumagubuduka.

"Ayi," ndinatero.

Ababa anagogoda patebulo. Analemba papepala nkunditembenuzira: Ntchito sisiyidwa pakati.

"Ndipo tikufuna iwe," amalume anapitiriza. "Pena milomo sikuoneka, aweramitsa mutu. Iwe uli ndi mutu wanthete, ukukumbuka mmene ananenera poyeserera paja. Uzimuwongolera."

Situdiyo ya kampani tsopano ndi chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Makoma ndi omata masiponji otuwa, mpweya ndi wa fumbi ndi waya wotentha. Pakhoma panali kanema wamkulu, ndipo pa kanemapo panali Ababa atavala malaya abuluu, nkhope yowala bwino mbali zonse. Ababa enieni anakhala pa tebulo la mabatani, mahedifoni kumutu, kansalu pakhosi. Abusa anaima pa maikolofoni, anavula jekete, anapukusa mapewa.

"Akulu, mundikhululukire," anatero kwa Ababa. "Zaka zonse ndakuberani mawu mwaulere, lero mwachita kundiitana."

Ababa anamwetulira nkuwapatsa chizindikiro ndi chala.

Milomo ya pa kanema inayenda, ndipo Abusa analankhula. "Kampani yathu inabadwira kuseri kwa galaja."

Mawuwo anali pafupi kwambiri ndi a Ababa. Kusasa kunalipo, kupuma pakati pa mawu kunalipo. Mayi Lumo anagwira pakamwa.

"Bwanji?" amalume anandifunsa.

"Akuthamanga. Ababa amakoka pa galaja."

Anabwereza. Ndinawakonza pena. Anabwerezanso. Ababa anaimitsa kamodzi chifukwa m'mimba mwa Abusa munalira, kenanso chifukwa pansi pa sitolo wina anagwetsa chitsulo. Chiganizo chilichonse chinanenedwa kambiri, mpaka chigwirizane ndi milomo, mpaka chiyere. Mathireyi a mazira, kambiri. Mkwatibwi ndi keke, kambiri. Mayina a akufa, kambiri. Abusa anatuluka thukuta, anamwa madzi, anapempha kuti ndiwauzenso mmene Ababa amatchulira mawu akuti nkhungu. Ndi munthu wodziwa ntchito yake, ndipo ankaigwira ndi mtima wonse.

Tinafika pa nsapato.

"Ndani ameneyo akuyenda ngati hatchi?" anatero Abusa.

"Ayi. Si choncho."

"Ndani ameneyo akuyenda ngati hatchi?"

"Mwakweza kumapeto. Iwo sakweza."

Ananenanso motsitsa. Ananenanso mokalipa pang'ono. Ananenanso ndi kakuseka m'kati. Amalume ankabweza chithunzi, milomo ya Ababa nkubwerera m'mbuyo, nkuyambanso. Pa ulendo wina Ababa anakweza chala chachikulu, maso akuwala. Singano inali itaima pamalo pake penipeni.

"Sizinali choncho," ndinatero.

"Nanga zinali bwanji, mwanangu?" Abusa anafunsa mofatsa, akupukuta khosi ndi mpango. "Tanena iweyo mmene ukuwamvera, ine nditsatira."

Ndinatseka maso kuti ndiwayatse, monga ndinkachitira pa sinki. Chiganizocho chinabwera msanga, chomveka bwino, chopanda sowo kumbuyo. Chinali cha Abusa. Ndinachikankha, ndinafuna china cha pansi pake. Ndinabwerera pabalaza pathu, pansi pamene ndinakhala, malaya abuluu, chibwano chikundiloza. Pakamwa pa Ababa panatseguka ndipo munatuluka Abusa. Ndinayesa kuseka kuja, kokwera masitepe. Abusa anali atakuchita kale m'mawa umenewo, kangapo, ndipo ndi kwawo kumene kunabwera.

"Tikudikira iwe," amalume anatero.

Ndinatsegula maso. Ababa ankandiyang'ana, chala chili pa batani, nkhope yodekha ya munthu amene ntchito ikumuyendera. Anakweza nsidze kundifunsa ngati titenge imeneyi.

"Tengani," ndinatero.

Anadina, ndipo Abusa anapitiriza ndi phazi lamanzere.